Dothi la kumizu ya mtengo wogwa si la pachulu

Mphepo ya mvula yoyamba yazula mitengo ya misasa m'mphepete mwa minda ya ku Epworth, pafupi ndi Harare ku Zimbabwe, ndipo anthu ayamba kale kututa ndi wilibala dothi lomwe lanyamuka ndi mizu, kukamwaza m'chimanga. Akatero akutentha chipikacho pomwepo. Akuti dothilo ndi lamphamvu ngati la pachulu. Ayi ndithu.

Mtengo ukazuka umatembenuza nthaka. Dothi lakuda lapamwamba, lomwe muno mu mchenga wa miyala ya granite ndi lochepa kale, limagumukira m'dzenje, pomwe la pansi, lotuwa, lamiyala, lopanda chonde, limakhala pamwamba pa mulu wonyamuka ndi mizu uja. Ndiye mwatenga dothi losabereka n'kukwirira nalo lobereka. Bambo ena achikulire anathira mawilibala angapo m'mizere yawo, chimanga n'kuchita chikasu chisanafike m'maondo. Iwo n'kumati feteleza wa masiku ano ndi wabodza!

Moto ndiye umamaliza zonse. Nayitrojeni ndi salifa, zomwe ndi zakudya za mbewu, amapita ndi utsi, chotsala ndi phulusa lothandiza nyengo imodzi basi. Chipika chosiyidwa chimatchinga madzi othamanga, chimasunga chinyezi pansi pake, chiswe n'kumachigaya pang'onopang'ono mpaka chisanduke nthaka. Nalo dzenjelo limakola masamba ndi madzi, ndipo pakapita zaka limakhala malo achonde kuposa ponse pozungulira. Bowa amene mumatola mu Januwale amakhala pa mizu ya misasa yamoyo yoyandikana nayo. Mukawotcha pamenepo musadandaule akasowa.

Ngakhale akatswiri oyeza zaka za nthaka pogwiritsa ntchito makala, njira ya carbon-14 ija, amasamala malo otere, chifukwa makala a dzulo akagwera m'dzenje amakapezeka pansi pa dothi lakalekale. Nanga inu otenga dothi lokayezetsa, mukakumba pa mulu womwewo, mudzalandira malangizo a feteleza a munda wa ndani?

Zochita n'zodziwika. Sadzani nthambi za nkhuni, chipika chachikulu muchigoneke chopingasa mtsetse. Dzenje musathiremo zinyalala za pulasitiki. Dothi lokayezetsa litengeni kutali ndi milu ndi maenje, kuya masentimita 20, m'malo angapo, musakanize m'ndowa yoyera. Mukafunadi kusalaza malowo, bwezerani dothi lotuwa pansi, lakuda pamwamba.