Kudziwa agulugufe akutchire: yambani ndi malo amene mwamupeza, kala ibwere pambuyo

Chichewa chathuchi chili ndi kavuto kamodzi pa nkhani iyi, tikati mtundu timatanthauza zinthu ziwiri, kufiira kapena chikasu ndi mtundu, komanso chamoyo chenichenicho ndi mtundu. Ndiye munthu ukamufunsa kuti gulugufe waona uja ndi wa mtundu wanji amangoti wachikasu, basi nkhani yathera pomwepo. Pano ndizinena kuti kala ndikamakamba za kaonekedwe ka mapiko, mtundu ndikamakamba za chamoyocho, kuti tisasokonezane. Ndipo ndinenetu poyambirira, kala ndi imene imanamiza kwambiri pa agulugufe. Padziko lonse pali mitundu yoposa 18,000, kuno ku Africa kumwera kwa Sahara kokha yoposa 4,000, ndiye mukamadalira kuti uyu ngwa olenji uyu ngoyera simupita patali.

Choyamba tsimikizani kuti ndi gulugufe wamasana osati aja ausiku amazungulira babu aja. Yang'anani tinyanga ta kumutu. Wamasana tinyanga take timathera ndi kampira kunsonga ngati mutu wa machesi, ausiku ambiri take timakhala ngati kanthenga kapena kaulusi kopanda mutu. Pali ena ang'onoang'ono a thupi lonenepa, maso akuluakulu, ouluka mothamanga ngati akudumpha, tinyanga tawo kunsonga timapindika ngati mbedza, amenewo ndi a banja la Hesperiidae, musawataye kuti ngausiku. Zoti wamasana amatseka mapiko akatera pomwe wausiku amawayala nzoona nthawi zambiri koma osati nthawi zonse, tinyanga ndi todalirika kuposa zimenezo.

Zida sizambiri. Foni yokhala ndi kamera, kanotibuku ndi bolopeni, chipewa. Neti siyofunika ngati mukungofuna kudziwa mayina, komanso kufumbi kamene kamatsala pa zala mukamugwira kaja ndi timamba ta mapiko ake, sitimeranso. Valani zosawala kwambiri, ndipo chithunzithunzi chanu chisamugwere, akangoona mdima wadutsa amanyamuka. Nthawi yabwino ndi m'mawa dzuwa likayamba kutentha, cha m'ma 8 mpaka 10 koloko, chifukwa gulugufe sauluka bwino thupi lisanatenthe ndiye amayamba watera kaye nkuyala mapiko kuwotha dzuwa, apo mumajambula mwakufuna kwanu. Ikafika 12 koloko amakhala wachangamuka, mungothamanga naye pachabe. Kukachita mitambo kapena mphepo yambiri khalani pansi musavutike.

Tsopano nkhani yeniyeni. Mukamuona, musanayambe kusakasaka dzina, lembani kaye zinthu izi pomwepo: ali pamalo otani, ndi mwezi uti nthawi yanji, watera pa chiyani, akuuluka bwanji, ndi wamkulu bwanji poyerekeza ndi chikhadabo kapena chikhatho chanu. Chifukwa chake nchoti gulugufe sakhala paliponse, amakhala pomwe pali chomera chimene mbozi zake zimadya, ndipo mbozi zambiri nzosankha kwambiri, zina zimadya banja limodzi lokha la zomera, zikasowa zimafa ndi njala masamba ena ali mbwee pambali. Wamkazi amalawa tsamba ndi mapazi, eya mapazi, amaponda pondaponda kuti amve ngati ndi tsamba loyenera asanaikire dzira. Ndiye mukadziwa chomera, theka la dzina mwalipeza kale.

Tengani mtengo wa ndimu kapena lalanje. Mukaona gulugufe wamkulu wakuda wa madontho achikasu, wopanda michira kumapiko akumbuyo, ali ndi timaso tiwiri ta buluu ndi kufiira pang'ono pa phiko lililonse lakumbuyo, akuzungulira nsonga zanthete, ameneyo ndi Papilio demodocus. Akamamwa pa duwa satera kwenikweni, mapiko amangonjenjemera osaleka, a banja lake la Papilionidae ambiri amatero. Pitani mukasuzumire masambawo. Mupeza kanthu kakuda ndi koyera mungati chitosi cha mbalame, si chitosi ayi, ndi mbozi yake ikadali yaing'ono, ikamakula imasanduka yobiriwira. Ikhudzeni pang'ono ndi kaudzu kumsana muone, imatulutsa kanyanga ka mphanda ka olenji kuseri kwa mutu, kofewa, konunkha fungo lamphamvu ngati makoko a lalanje owola, kenako imakabwezanso mkati ngati palibe chachitika. Ine nditaona koyamba ndinabwerera m'mbuyo ndithu, ndimaganiza kuti ilavula.

Pamalo oyera a udzu, m'mbali mwa misewu, m'minda yogonera, muzipeza wa olenji wa nsonga zakuda zokhala ndi mzere wa madontho oyera, amauluka mwaulesi ngati alibe mdani. Alibedi ambiri. Ndi Danaus chrysippus, mbozi zake zimadya zomera zija zimatuluka utomoni woyera ngati mkaka ukazithyola, za mitundu ya Gomphocarpus, Asclepias ndi Calotropis, poizoni wake nkumusunga m'thupi mpaka kukula, mbalame ikamudya kamodzi imasanza siyibwerezanso. Apa ndi pomwe ndinagwa nazo ine. Kwa miyezi ndinkalemba aliyense wa olenji kuti Danaus, osadziwa kuti ena mwa iwo ndi akazi a Hypolimnas misippus, amene alibe poizoni koma amangobera yunifolomu kuti mbalame ziziwaopa. Kusiyanitsa kwake yang'anani phiko lakumbuyo, Danaus ali ndi timadontho takuda titatu pakati, wamwamuna tinayi, pomwe wonamizirayo alibe timadontho totero tambiri, komanso m'mphepete mwa mapiko ake ndi mokhala ngati mwa manomano. Ndipo mwamuna wa Hypolimnas yo simungamuganizire kuti ndi mtundu umodzi ndi mkazi wakeyo, ngwakuda bii wa mabala oyera akuluakulu ozunguliridwa ndi buluu wonyezimira, amakonda kutera pansi kapena pa kachitsamba nkumathamangitsa aliyense wodutsa. Mwaona kala mmene imapusitsira, mwamuna ndi mkazi kusiyana chonchi, mitundu iwiri yosiyana kufanana chonchi.

Papilio dardanus ndiye katswiri pa zimenezi. Wamwamuna ndi wachikasu chotuwa, m'mphepete mwakuda, ali ndi michira, amauluka m'mbali mwa nkhalango. Akazi m'madera ambiri a Africa alibe michira ndipo amabwera m'maonekedwe osiyanasiyana, ena akuda ndi oyera kutengera agulugufe ena apoizoni otchedwa Amauris, ena a olenji kutengera Danaus yemwe uja.

Nyengo nayonso imasintha zinthu, ichi anthu sachikhulupirira mpaka ataona okha. Pali Precis octavia, nthawi ya mvula ndi wofiirira cha ku olenji wa madontho akuda, nthawi yachilimwe kukazizira ndi wabuluu wakuda wa timadontho tofiira, mwakuti akatswiri akale anawapatsa mayina awiri kuganiza kuti ndi mitundu iwiri, mpaka katswiri wina wa tizilombo, Guy Marshall, mu 1898 anaweta mazira a wofiira nkuona akuswa wabuluu. Chimene chimasankha kala ndi kutentha kumene mbozi ndi chikwa zakumana nako. Wabuluu uja kukazizira amakonda kugona m'magulu m'mapanga, pansi pa milatho, m'zigwembe za m'mbali mwa mtsinje. Ndiye deti mu notibuku musamaiwale, si zokongoletsa.

Tsikirani kumtsinje kapena padambo pomwe pali matope kapena mchenga wonyowa, makamaka pomwe ziweto zimamwera nkukodza. Masiku otentha mupeza gulu litaunjikana, oyera, achikasu, tabuluu ting'onoting'ono, onse mapiko chilili ngati timaboti, timilomo tawo topindika tija atatitambasula m'matope. Sikuti ndi ludzu lokha, akufuna mchere, ndipo ambiri pamenepo ndi amuna, mcherewo amakaupereka kwa wamkazi pokwerana. Mukayang'anitsitsa wina mudzaona kadontho ka madzi kakutuluka kumbuyo kwake akumwabe kutsogolo, akusefa. Malo amenewa ndi abwino kwa oyamba kumene chifukwa sathawa msanga, mukhoza kugwada pang'onopang'ono nkufika pafupi osagwiritsa zumu, ndipo mumaona kunsi kwa mapiko komwe kumakhala zizindikiro zambiri. Jambulani kunsi ndi pamwamba ngati zingatheke, chithunzi cha mbali imodzi nthawi zambiri sichikwana.

Oyera ndi achikasuwa ndi a banja la Pieridae ndipo amatopetsa, ndisaname. Awiri okha muyambe nawo. Catopsilia florella, wamwamuna woyera mobiriwirako, wamkazi nthawi zina wachikasu, amauluka mwamphamvu molunjika, mbozi zake pa zitsamba za Senna zamaluwa achikasu zija. Belenois aurota woyera wa mitsempha yabulauni kunsi kwa mapiko, ameneyu ndi uja amadutsa mwaunyinji kumwera kwa Africa cha mu Disembala ndi Januwale, kuchokera kumadera ouma a Kalahari ndi Karoo kulowera kumpoto chakum'mawa, ku Johannesburg zaka zina amadzaza mlengalenga monse. Mukaona oyera ambirimbiri onse akulowera mbali imodzi osaima, lembani mbali yomwe akupita, amenewo ndi apaulendo sikuti kwawo ndi pamenepo. Vanessa cardui, ngakhale si wa banja limeneli, nayenso ngwapaulendo, amawoloka Sahara, ndipo mu Okutobala 2013 ena anapezeka pagombe ku French Guiana, ku South America, mapiko atang'ambika, kafukufuku nkudzaonetsa kuti anawoloka nyanja ya Atlantic kuchokera ku West Africa, makilomita oposa 4,200.

Munkhalango malamulo amasintha, maluwa musawadalire. A Charaxes, akuluakulu a chifuwa chonenepa, ouluka ngati chipolopolo m'mwamba mwa mitengo, satera pa duwa kawirikawiri, amafuna zipatso zowola, utomoni wotuluka pa mtengo wovulala, ndi ndowe, makamaka za nyama zodya nyama zinzake, kukongola konseko koma zokonda zake zimenezo. Mukafuna kuwaona pafupi phwanyani nthochi zakupsa kwambiri muzisiye m'chigubu masiku awiri atatu ziwire, kenako pakani pa thunthu la mtengo pomwe dzuwa likulowa pang'ono, mubwerere pakatha ola. Akamwa amaledzera ndithu mpaka ena mumawajambula mphuno ndi mphuno. Pansi pamthunzi pa masamba ouma pali abulauni a timaso m'mapiko, a Bicyclus, ndi Melanitis leda amene amayamba kuuluka dzuwa likamalowa, mukamudzidzimutsa amauluka pang'ono nkugwera pa masamba nkupendekeka, mumayang'ana pomwe wagwerapo osamuona. Onsewa limodzi ndi Danaus ndi Precis ndi a banja la Nymphalidae, chizindikiro chake werengani miyendo akatera, muona inayi yokha, iwiri yakutsogolo ndi yaing'ono yopindidwa pachifuwa. A Acraea nawo ndi omwemo, mapiko ataliatali a olenji kapena ofiira a madontho akuda, ena oonekera ngati pulasitiki, ouluka pang'onopang'ono chifukwa nawonso ngowawa mkamwa mwa mbalame.

Ngati dera lanu lili ndi kaphiri, ngakhale kachitunda chabe, kwerani pamwamba cha masana. Amuna a mitundu yambiri amasonkhana pansonga kudikira akazi, aliyense kanthambi kake, kuthamangitsana nkubwerera pomwe anali. Mukamuphonya musamutsatire, imani pomwepo abweranso.

Tabuluu ting'onoting'ono ta Lycaenidae ndi timene ndimakulangizani kuti musathamangire kutitchula dzina, tambiri timafanana moti ngakhale odziwa amafuna chithunzi chakunsi chooneka bwino. Tina tili ndi timichira ngati tsitsi ndi kadiso kumapeto kwa phiko, timagwedeza timichirato kuti mbalame ijompe kumbuyo kuganiza kuti ndi mutu, ndiye mukapeza kena kodyeka kumbuyo mwadziwa chinachitika. Mbozi zake zambiri zimakhala ndi nyerere, zimazipatsa timadzi totsekemera nyerere nkumazilondera, ndipo za Lepidochrysops zimatengedwa mpaka kulowa kuuna kwa nyerere komwe zimakadya ana a eni nyumba. Mitundu yotere imatha kukhala pa kamalo kamodzi kakang'ono zaka ndi zaka, pakalimidwa kapena kutenthedwa nthawi yolakwika basi yapita.

Zithunzi mukajambula ikani pa iNaturalist, ndi apu yaulere, imayerekeza dzina kenako anthu odziwa amatsimikiza kapena kukonza. Dzina loyamba limene apu yakupatsani musalimeze, imalakwitsa makamaka kumadera komwe anthu sanaikeko zithunzi zambiri. Onetsetsani kuti lokeshoni ndi deti zili zolondola, ndipo ngati simukutsimikiza lembani banja lokha, kulemba Pieridae basi nkwabwino kuposa dzina lathunthu labodza.

Mukafuna kudziwa dera lanu bwinobwino osati kungotola mayina, chitani zimene katswiri wina, Ernest Pollard, anayambitsa ku Britain, komwe akhala akuwerenga agulugufe mwa njira imeneyi kuyambira 1976. Sankhani njira imodzi yodutsa malo osiyanasiyana, mwina udzu, kenako mtsinje, kenako mitengo, muigawe zigawo malinga ndi malowo. Muziyenda pang'onopang'ono kamodzi pa sabata nthawi yofanana, nkumawerenga okhawo ali mkati mwa mamita awiri ndi theka kumanja, awiri ndi theka kumanzere, asanu kutsogolo. Wakumbuyo musamuwerenge mwina mwamuwerenga kale. Amene simukumudziwa mupatseni dzina lanulanu, kaya woyera wa nsonga zofiira wa pa chigawo chachiwiri, mudzakonza mukadzamudziwa. Sabata imene simunaone kanthu lembaninso kuti ziro, pamodzi ndi mmene kunja kunalili tsikulo.