Ntchito ya mchenga wa phula ku Fort McMurray: dziwani izi musananyamuke

Abale amene muli ku Edmonton kapena ku Calgary, mbiri ya ndalama za ku Fort McMurray, tawuni ya m'chigawo cha Alberta ku Canada, munaimva kale. Kuchoka ku Edmonton ndi makilomita oposa 400 pa msewu wa Highway 63, ndipo ntchito zambiri kumeneko zatsamira pa kulekanitsa mchenga ndi phula lomwe amapangira mafuta.

Mchenga wa m'mbali mwa mtsinje wa Athabasca ndi wakuda bii, womata m'manja. Zigalimoto zikuluzikulu, zina zosenza matani oposa 300 ulendo umodzi, zimaututira ku makina ophwanya zibuma. Ukatero amausakaniza ndi madzi otentha, pena n'kuthiramo soda, phalalo n'kulikankha m'mapaipi mpaka mu thanki yaikulu. M'menemo mchenga umamira, pomwe phula limakakamira ku timpweya n'kuyandama ngati thovu la thobwa likamawira. Thovulo amaliwungula, n'kulisungunula ndi mafuta opepuka monga naphtha kuti madzi ndi dothi lotsalira zichoke. Njirayi anaikonza wasayansi Karl Clark m'zaka za m'ma 1920, koma mgodi woyamba waukulu, womwe lero uli m'manja mwa kampani ya Suncor, unatsegulidwa mu 1967. Kuti papezeke mbiya imodzi ya mafuta ya malita 159 pamafunika matani pafupifupi awiri a mchenga. N'chifukwa chake makina sagona, ndipo shifiti ya maola 12 ndiyo yofala.

Zoopsa zili momwemo. Mpweya wapoizoni wotchedwa H2S umanunkha ngati dzira lovunda, koma ukachuluka mphuno imaleka kumva, munthu n'kuganiza kuti wapita pamene ndiye wafika poipa. Musadalire mphuno, kachipangizo kochenjeza kazikhala pachifuwa. Madamu otayirako madzi otsala nawo si osewera nawo: mu 2008 abakha pafupifupi 1,600 anafera pa damu limodzi atatera pa phula.

Musanafunsire ntchito pezani ziphaso za chitetezo, makamaka CSO (maphunziro oyambira a chitetezo pa ntchito) ndi H2S Alive (a za mpweya uja) za bungwe la Energy Safety Canada. Ofuna kuyendetsa makina akuluakulu afunse ku Keyano College, mu tawuni momwemo. Chamba n'chololedwa ku Canada kuyambira 2018, koma kumigodi amayeza mkodzo kapena malovu, ndipo akakupezani nacho ntchito ikhoza kuthera pomwepo.

Za kuzizira musamve zonamizana. Kumafika pa madigiri -40, chala chosavala bwino chimauma mosachedwa, ndiye nsapato zachitsulo kutsogolo mugule zam'nyengo yozizira. Ambiri amagona ku kampu, kugwira masabata angapo kenaka kupuma. Funsitsani ngati malo ogona ndi ulendo zili pa bwana, poti nyumba za lendi mu tawuni zimadya malipiro.

Ndipo munthu akati mum'patse ndalama kuti akupezereni ntchito, musatulutse ngakhale dola. Malamulo a Alberta salola ma ejenti kulipiritsa wofuna ntchito. Onaninso ngati chilolezo chanu chogwirira ntchito ku Canada chikukulolani kusintha bwana, chifukwa china chimakumangirirani pa kampani imodzi.