Mmene mungayezetsere umuna kuti zotsatira zituluke zoona

Abambo anzanga a ku Salima kuno, chaka chikatha mukugona limodzi osadziteteza koma mimba osaoneka, pitani kuchipatala nonse awiri, osamangotumiza mayi okha ayi. Ngati mayiwo adutsa zaka 35 musadikirenso chaka, miyezi 6 yakwana poti mazira amachepa ndi msinkhu. Yambirani pa chipatala cha boma, ngati labu yawo siyeza umuna pemphani kalata yopita ku Kamuzu Central.

Musanapereke khalani masiku 2 mpaka 7 osatulutsa umuna. Wonse ugwere mu kabotolo kamene akupatsaniko, makamaka madontho oyamba chifukwa mbewu zambiri zimakhala mmenemo, ena akatayika nenani musachite manyazi. Kondomu wamba musagwiritse, imapha mbewu. Ngati mwatulutsira kunyumba ikani kabotoloko mthumba pafupi ndi thupi kasazizire, kafike ku labu ola lisanathe, nde ngati mumakhala kutali ngati ku Chipoka bola kukatulutsira konko.

Adokotala auzeni zonse. Malungo aposachedwa amatsitsa mbewu. Ife osamba mnyanja ku Senga Bay tisaiwale likodzo, limafika mpaka ku ziwalo zoberekera ndipo ena umuna umatuluka ndi magazi, mankhwala ake a praziquantel alipo. Inu a ku jimu obaya testosterone, thupi likaona kuti yachuluka limasiya kupanga mbewu, izi zimandipweteka chifukwa anyamata amayesa akuwonjezera mphamvu.

Muyezo wa 2021 wa bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO ndi mbewu 16 miliyoni pa mililita, ndipo 42 pa 100 zilizonse ziziyenda. Zikaperewera musataye mtima, mbewu zimatenga masiku ngati 74 kuti zipangike, nde bwerezani pakatha miyezi 3.

Koma zonse zikhoza kutuluka bwinobwino mwana osabwerabe. Ku mchira wa mbewu kuli kanjira kolowetsa calcium kotchedwa CatSper, asayansi anakatulukira mu 2001, kenako mu 2011 magulu a Polina Lishko ndi Timo Strünker anaonetsa kuti progesterone, homoni wochokera ku maselo ozungulira dzira, ndi amene amakatsegula, calcium akalowa mchira umakwapula mwamphamvu mpaka mbewu kuboola chikuta cha dziralo. Kanjirako kakafa mbewu zimaoneka zambiri, zikuyendanso, koma kulowa mdzira zimakanika, ndipo kuyeza wambaku sikuona zimenezi. Nde mapepala a nonse awiri akakhala abwino pemphani kuonana ndi katswiri wa za ubereki, mufunsenso za ICSI, njira yobayira mbewu imodzi mdzira mwachindunji.