Mmene Mungafufuzire Makolo a Mtengo wa Mapeyala

Musanafunse dzina la mtengo wa mapeyala, yang'anani patsinde pake, chakufupi ndi nthaka, ngati pali chipsera kapena chotupa chosonyeza kuti unamezanitsidwa. Mtengo womezanitsa wokha ndiwo umasunga dzina la kholo lake. Womera kuchokera ku njere, monga yambiri ya m'makomo mwathu, ndi mtundu wakewake ngakhale njereyo itachokera m'peyala la mtundu wotchuka wa Hass, chifukwa mungu umene njuchi zinabweretsa ungakhale wa mtengo wina uliwonse. N'chifukwa chake pa mapeyala mayi ndiye amadziwika, koma bambo kawirikawiri amangoganiziridwa.

Mukatero, fufuzani fuko lake, pakuti mapeyala onse amachokera m'mafuko atatu. Fikisani tsamba m'manja n'kulinunkhiza: likamveka kafungo kotsekemera ngati ka anise, chomera chonunkhiritsa zakudya, ndipo zipatso zili zazing'ono, za khungu lopyapyala, mtengowo uli ndi magazi a ku Mexico, fuko lopirira kuzizira. Khungu lochindikala, lokhakhala, ndiponso zipatso zochedwa kukhwima zimaloza ku Guatemala. Mapeyala aakulu, osalala, a mafuta ochepa, amene njere yake nthawi zina imagwedera mukawagwedeza, ndi a fuko la West Indian lokonda malo otentha, ndipo mtundu wa Pollock wa ku Miami, ku America, ndi umodzi mwa iwo.

Pamenepo mungathe kuyerekeza chipatso chanu ndi mitundu yokhala ndi mayina, ndipo ndi bwino kuyambira pa Fuerte, amene Carl Schmidt anamupeza ku Atlixco, m'dziko la Mexico, mu 1911. Dzinali, lotanthauza wamphamvu m'Chisipanishi, analipeza atapulumuka chisanu choopsa cha mu 1913 ku California. Peyala la khungu losalala, lopyapyala ndi lobiriwira mowala lingakhale Ettinger, amene anasankhidwa ku Israel kuchokera ku njere ya Fuerte. Lozungulira ngati mpira, losada ngakhale litapsa, lingakhale Reed, amene James Reed anamudzala ku Carlsbad, ku California, mu 1948, ndipo amaganiziridwa kuti makolo ake ndi Anaheim ndi Nabal. Nabalyo anatengedwa ku Guatemala ndi Wilson Popenoe mu 1917.

Mbumba ya Hass ndiyo imasokoneza kwambiri, mwina chifukwa ogulitsa amatchula Hass peyala lililonse lokhakhala. Njere ya Hass inabala Thille, Thille anabala Gwen ku Yunivesite ya California ku Riverside, ndipo Gwen ndiye mayi wa Lamb Hass. Gwen amakhalabe wobiriwira akapsa, pamene Lamb Hass amada ngati kholo lake loyamba, Hass. Pinkerton mungamuzindikire ndi khosi lalitali ndi njere yaing'ono.

Ngati mukukayikabe, dikirani nyengo ya maluwa, ndipo muwaone m'mawa ndi masana kwa masiku awiri otsatana. Duwa la gulu A limatseguka ngati lachikazi m'mawa, n'kudzatulutsa mungu masana a tsiku lotsatira, pamene la gulu B limatseguka ngati lachikazi masana n'kutulutsa mungu m'mawa mwake. Reed, Gwen ndi Pinkerton ali m'gulu A limodzi ndi Hass, koma Ettinger, Fuerte ndi Sharwil wa ku Australia, amene dzina lake linalumikizidwa kuchokera ku mayina a Sharpe ndi Wilson, ali m'gulu B. Kukazizira nthawi zimenezi zimasokonekera, choncho sankhani masiku ofunda.