Kusunga nthawi ya aneni ndi kulemba zoyankhula m'nkhani zopeka za Chingerezi

Musanalembe chiganizo choyamba, sankhani nthawi imene aneni a nkhani yanu adzayendemo, ndipo muisunge mpaka kumapeto. Nkhani zopeka zambiri za m'Chingerezi zimalembedwa m'nthawi yakale, monga "She opened the gate", koma nkhani ikafika pokoma mlembi amatengeka n'kulumphira ku nthawi yatsopano, monga "She screams and runs", owerenga n'kusokonezeka.

Povuta kwenikweni ndi pamene mpangankhani akukumbukira zimene zidachitika nkhaniyo isanayambe. Apa Chingerezi chimafuna "had" patsogolo pa mneni, monga "He had sold the bicycle in Limbe." Alembi ena, poopa kulakwa, amaika "had" m'chiganizo chilichonse cha tsamba lonse, ndipo nkhani imalemera ngati ngolo yotitimira m'matope. Ziganizo ziwiri kapena zitatu zoyamba n'zokwanira kulowetsa wowerenga m'mbuyomo. Kenako pitirizani ndi nthawi yakale wamba, ndipo pobwerera kumene munasiyira yambani ndime yatsopano ndi chinthu chooneka, kaya tiyi amene wazizira patebulo, kuti wowerenga adziwe kuti kukumbukira kwatha.

Pa zoyankhula, mpatuliro umakhala mkati mwa mitengero, ndipo mawu osonyeza woyankhula amayamba ndi lembo laling'ono ngati si dzina kapena "I": "I am tired," she said. Lamuloli silisintha ngakhale pakhale mfunsiro: "Where is he?" she asked. Koma ngati chotsatira ndi chochita, osati kuyankhula, ikani mpumiro ndi lembo lalikulu: "I am tired." She sat down. Osindikiza mabuku ambiri a ku Britain amakonda mtengero umodzi mbali iliyonse, pamene a ku America amaika iwiri; sankhani njira imodzi basi. Woyankhula akasintha, ndime isinthenso. Musachite manyazi ndi "said", chifukwa wowerenga amangodutsa osamuona, pamene "exclaimed" ndi "retorted" amakopa maso pachabe.

Ife amene tidakula ndi Chichewa tiyenera kuonetsetsanso alowam'malo, popeza chiyankhulo chathu sichisiyanitsa mwamuna ndi mkazi mmene "he" ndi "she" amachitira. Mukamaliza kulemba, werenganinso nkhani yonse mukuyang'ana alowam'malo okhaokha, ndipo pamene amuna awiri akukangana m'ndime imodzi, tchulani dzina paliponse pamene "he" angaloze aliyense wa awiriwo.