Momwe mungalembere mtengambali wamkazi m'nthano yaitali yodzudzula makhoti

Alembi ambiri ongoyamba kumene akafuna kuonetsa kuti chilungamo chimavuta, amatenga mzimayi n'kumukhazika pabenchi yakumbuyo kuti azingolira mpaka buku kutha. Owerenga amamumvera chisoni, koma khotilo limatuluka losakhudzidwa. Yesani njira iyi.

Yambani ndi lamulo limodzi, mulidziwe bwino. Mwachitsanzo, lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda katundu wa malemu ndi mlandu. Nthano yanu igone pakati pa mawu amenewo ndi mayi wa ku Jali amene alamu ake asasula malata maliro asanazizire.

Kenako pitani kukhoti la majisitireti kuno ku Zomba mukakhale tsiku lathunthu. Milandu yambiri aliyense amaloledwa kumvera. Apa musathamange. Muoneni mayi amene wanyamuka mbandakucha pa kabaza, mwana kumsana, kalata yomuitana atayimanga pansonga ya chitenje. Dzuwa lafika paliwombo, kalaliki akumuuza kuti mlandu wake wakankhidwira mwezi wamawa. Tsiku loti ayankhule likakwana, mvetserani momwe madandaulo ake a m'Chiyao kapena m'Chichewa akufupikira podutsa mwa womasulira, pakuti woweruza amalemba m'Chingerezi. Akuti mlandu suola, koma mtengambali wanu awerengere yekha nkhuku zimene wagulitsa kuti apeze yoyendera. Kudzudzula kwenikweni kuli pamenepo, osati m'malankhulidwe ataliatali a loya.

Musaiwale kuti asanafike kukhoti wadutsa kale kwa ankhoswe, kwa mwinimbumba ndi pabwalo la nyakwawa. M'midzi ya chikamwini iye ndiye mwini malo, komabe omuyankhulira nthawi zambiri ndi atsibweni ake. Mpatseni mpata awadule mawu.

Chinanso, akazi onse asakhale mbali imodzi. Wotsogolera kulanda katunduyo atha kukhala mlongo wa malemu, woweruza n'kukhalanso mzimayi. Mbiri yathu ikuthandizani. Vera Chirwa, loya woyamba wamkazi m'Malawi, anagamulidwa kuti aphedwe mu 1983 pamodzi ndi amuna ake a Orton Chirwa, ndi khoti la mafumu lomwe silinkalola maloya oyimira oimbidwa mlandu. Anakhala m'ndende ya Zomba mpaka 1993. Patapita zaka 20, Anastasia Msosa anakhala mzimayi woyamba kutsogolera makhoti onse m'dziko muno. Ngati nthano yanu ikubwerera m'nthawi ya chipani chimodzi, nyumba yosungira mbiri ya dziko ya National Archives ili pompano, musapeke zinthu zoti mukanakawerenga.

Mukamaliza kulemba, pezani mayi amene anayendapo ndi mlandu, mumuwerengere mokweza chaputala cha kukhoti. Pomwe angakuduleni n'kunena kuti "ayi achimwene, sizikhala choncho," lembani chizindikiro, mukakonze usiku womwewo.