Kanema wa makamera achitetezo akamadukaduka pa foni

Ngati mumayang'anira sitolo kapena nyumba yanu pa foni muli kutali, ndipo kanema wa makamera achitetezo amangoima kapena kudukaduka, musathamangire kugula makamera atsopano, chifukwa kawirikawiri vuto limakhala pa mphamvu ya intaneti yotumizira kanemayo kuchokera pamene pali makamerawo.

Imani pafupi ndi rauta ya pamalopo n'kuyeza liwiro la intaneti yake ndi pulogalamu ya Speedtest, koma muyang'ane nambala ya upload (liwiro lotumizira) osati ya download (liwiro lolandirira). Kamera imodzi ya 1080p imatha kufuna ma Mbps (muyeso wa liwiro la intaneti) 2 mpaka 4, choncho makamera anayi otsegulidwa nthawi imodzi amailemera intaneti ya simukhadi, makamaka madzulo pamene anthu ambiri ali pa netiweki.

Chimene chinandithandiza kwambiri ndi kusankha sub stream (kanema wopepuka) pa pulogalamu yoonera makamera pa foni m'malo mwa main stream (kanema wolemera). Chithunzi chimachepako kuoneka bwino, komabe munthu wolowa pageti amaoneka bwino, pamene DVR (makina osungira kanema wa makamera) ikupitiriza kusunga kanema wooneka bwino kwambiri pa hard disk yake. Kusankha sub stream kumapulumutsanso bandulo, ndipo ngati makina anu amalola njira yopanikizira kanema ya H.265, isankheni chifukwa imapanikiza kanema kuposa H.264.

Lumikizani DVR ku rauta ndi waya osati Wi-Fi. Rautayonso muiike pa UPS (batire lopereka mphamvu magetsi akazima) pamodzi ndi DVR, popeza ambiri amateteza makamera okha magetsi akazima, n'kuiwala kuti rauta ikazima palibe chimene chingafike pa foni yanu.